Ma shock a kathanki kapadera si oyenera galimoto iliyonse yoyenda m'misewu yafumbi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene yayamba kudya ndalama za eni galimoto zoyenda m'misewu yoipa monga Land Cruiser, Hilux, Ranger ndi D-Max. Nkhani yake ndi ya ma shock okhala ndi kathanki kapadera kolumikizidwa ndi paipi, amene ogulitsa amawatchula kuti remote reservoir. Ndidagwira ntchito youyendetsa galimoto m'maboma a kumpoto kwa zaka zoposa 20, ndipo zaka zomaliza ndinkayang'anira madalaivala ndi galimoto za bungwe lina lachitukuko, kotero kuti ma shock ndawagula, ndawaphetsa ndiponso ndawataya ambiri. Maganizo anga ndi akuti ma shock a kathankiwa ndi chipangizo chabwino chimene chimathetsa vuto limodzi lokha, ndipo eni galimoto ambiri amene akuwasirira vuto limenelo alibe.

Chandichititsa kulemba ndi mphwanga, amene mwezi wathawu adabwera kwathu ndi chithunzi cha ma shock amenewa pafoni. Iye ali ndi Hilux imene amapitira kumunda kamodzi pamlungu, ndipo dandaulo lake lidali lakuti akanyamula feteleza kapena chimanga, galimotoyo imakhala pansi kumbuyo mpaka kumagunda pa mabampu. Wina adamuuza kuti akaika ma shock a kathanki vutolo litha. Ndidamva chisoni, chifukwa adali pafupi kugulitsa ng'ombe kuti agule mankhwala a matenda amene galimoto yake siyikudwala. Kulemera kwa galimoto ndi katundu wake kumasenzedwa ndi masipuling'i, osati ma shock. Galimoto ikakhala pansi, ndiye kuti masipuling'i atopa kapena katundu wapyola muyezo, ndipo ngakhale mutaika shock yodula chotani, kumbuyoko kudzakhalabe pansi.

Ntchito ya shock ndi kuletsa sipuling'i kuti isamangonjanja ikapanikizidwa. M'kati mwa shock muli oyilo ndi pisitoni yokhala ndi timabowo totsekedwa ndi timbale tachitsulo topyapyala. Tayala likakwera pamwala kapena kulowa m'dzenje, pisitoniyo imakankha oyilo kudutsa m'timabowomo, ndipo popeza oyilo sadutsa msanga pamalo opanikizika, kunjanja kuja kumazizira. Koma mphamvu ya kugwedezekako siisowa, imasanduka kutentha. Dalaivala aliyense amene adayandikizapo dzanja pa shock atangotsika m'msewu woipa akudziwa zimenezi. Ndipotu umu ndi mmene tinkadziwira shock yakufa tili kutchire: zitatu zikamatentha ina n'kukhala yozizira, yozizirayo ndiyo yasiya kugwira ntchito.

Chimene chimatenthetsa kwambiri shock si dzenje limodzi lalikulu ayi, koma timizere tija timapangika m'msewu wafumbi m'chilimwe, tooneka ngati malata ofolerera nyumba. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tiyerekeze kuti timizereto tatalikirana mita imodzi, ndipo galimoto ikuyenda pa liwiro la makilomita 60 pa ola. Ndiye kuti pa ola limodzi tayala lililonse lagunda timizere 60,000, kutanthauza kuti pisitoni ikukwera ndi kutsika pafupifupi ka 17 pa sekondi iliyonse popanda kupuma. Oyilo akatentha chotero amasungunuka n'kukhala ngati madzi, ndipo m'ma shock amene oyilo ndi mpweya zimakhudzana, zimasakanikirana n'kupanga thovu. Pisitoni imadutsa m'thovu mosavuta ngati mthiko m'phala lamadzimadzi, ndipo nthawi imeneyo galimoto imayamba kudumphadumpha, kumbuyo kumathawira cham'mbali pokhota, ndipo mabuleki sagwira bwino chifukwa matayala akutha nthawi yambiri ali m'malere.

Ma shock wamba amene amabwera ndi galimoto zambiri amakhala ndi machubu awiri, china m'kati mwa chinzake, ndipo ndi amenewa amene amapanga thovu msanga akatentha. Pali mtundu wachiwiri wa chubu chimodzi, umene udayamba kufala ku Ulaya m'zaka za m'ma 1950 potsatira nzeru za Mfalansa wina dzina lake Christian Bourcier de Carbon, ndipo kampani ya Bilstein ya ku Germany idatchuka nawo kwambiri. M'mtundu umenewu muli kapisitoni kena koyandama kamene kamalekanitsa oyilo ndi mpweya wa nayitirojeni wopopedwa mwamphamvu, kotero kuti thovu silipangika wamba, komanso kutentha kumatuluka msanga chifukwa chubucho chikuwombedwa ndi mphepo mwachindunji. Shock ya kathanki ndi mwana wa mtundu wachiwiriwu. Chimene adachita opanga ndi kuchotsa mpweya ndi kapisitoni koyandama kaja m'thupi la shock n'kuziika m'kathanki kapambali. Potero oyilo amachuluka, malo otulukira kutentha amakula, ndipo pisitoni imapeza mtunda wautali woyendamo. Ena mwa ma shock amenewa amakhalanso ndi kopotokola kuti mwini galimoto awalimbitse kapena kuwafewetsa malinga ndi katundu. Zonsezi ndi zoona, ndipo ogulitsa sanama akamazinena.

Chimene ogulitsa satchula ndi kumene chipangizochi chidachokera. Chidakulira m'mipikisano ya galimoto ya m'zipululu, monga Baja 1000 ya ku Mexico ndi Dakar, imene kuyambira m'chaka cha 2020 ikuchitikira ku Saudi Arabia, kumene galimoto zimathamanga kwa maola ambiri m'mchenga ndi m'miyala, ndipo pamakhala gulu la amakaniko loziyembekezera ndi zipangizo zonse. Hilux imene dalaivala wa ku Qatar, Nasser Al-Attiyah, adapambanira Dakar m'zaka za 2019, 2022 ndi 2023 imangofanana dzina ndi Hilux ya mphwanga. Funso loyenera kudzifunsa munthu asanatulutse ndalama ndi lakuti: kodi pa maulendo anga onse a chaka chathachi, ndi kangati pamene ma shock anga adatentha mpaka kusiya kugwira?

Ine zidandichitikirapo, ndipo malo ake ndikuwakumbukira bwino. Ulendo wochokera pa boma la Rumphi kudzera ku Bolero ndi pachipata cha Thazima mpaka ku Chelinda pamwamba pa Nyika ndi wa makilomita oposa 100, ndipo m'zaka zimene ndinkauyenda kawirikawiri pafupifupi wonse udali wafumbi. M'mwezi wa Okutobala chaka china ndidanyamuka ndi Land Cruiser yodzaza anthu ndi katundu, ndipo nthawi idatithera, kotero ndidaponda moto kuposa mmene ndinkachitira masiku onse. Tisanafike pachipata galimoto idayamba kuyandama ngati bwato, ndipo pokhota pena kumbuyo kudatsetsereka mpaka ndidaona kuti tikanatha kugubuduzika. Ndidaima pamthunzi kwa mphindi 20, ma shock adazizira, ndipo titanyamukanso pa liwiro locheperako galimoto idakhazikika. Pa ulendo ngati umenewo, wautali, wa katundu wolemera, wa timizere tosatha ndiponso wa dzuwa loswa mtengo, shock ya kathanki ikanandithandiza ndithu. Koma ndikuvomerezanso kuti kuchepetsa liwiro ndi kupumulako kudathetsa vutolo popanda kulipira ngakhale tambala.

Tsopano yerekezani ndi msewu wa Golodi wochokera pa Chitimba kukwera ku Livingstonia, umene anthu ambiri amautchula akafuna kusonyeza kuti galimoto yawo ndi yamphamvu. Msewuwo ndi wa makilomita pafupifupi 15, wamiyala, wa makona akuthwa pafupifupi 20, ndipo palibe munthu wanzeru amene amauthamanga. Mumakwera ndi giya yaing'ono, tayala limakwera mwala pang'onopang'ono n'kutsikanso pang'onopang'ono, ndipo shock siipeza mpata wotentha kwambiri. Chimene chimakupulumutsani kumeneko ndi matayala olimba, mabuleki abwino ndi dzanja lodekha pachiwongolero. Chimodzimodzinso m'nyengo ya dzinja pamene misewu ya kumidzi yasanduka matope: galimoto ikatitimira, kathanki ka shock sikaitulutsa. Misewu yathu yambiri ndi yoipa m'njira yotereyi, yokakamiza munthu kuyenda mwapang'onopang'ono, ndipo pa mayendedwe otere kusiyana kwa shock ya kathanki ndi shock yabwino yopanda kathanki n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi kusiyana kwa mitengo yake.

Za mtengo sindichulukitsa mawu. Ma shock anayi a kathanki a makampani odziwika monga Fox ndi King a ku America, kapena BP-51 ya Old Man Emu ya ku Australia, amadula kuwirikiza kangapo poyerekeza ndi ma shock abwino opanda kathanki, ndipo onse amachokera kunja. Ndalama zakunja zikusowa, kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo pamwamba pa mtengo wogulira pali msonkho ndi zonyamulira.

Chimene ndikufuna owerenga anu achimvetse kwambiri ndi chisamaliro chake, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Shock wamba ikatha mumaitaya n'kugula ina, ndipo ya Hilux kapena Land Cruiser mumaipeza m'mashopu a masipeyala ku Mzuzu, ku Biwi mu Lilongwe kapena ku Limbe tsiku lomwelo. Shock ya kathanki idapangidwa kuti izimasulidwa nthawi ndi nthawi, kuthiridwa oyilo watsopano, kusinthidwa mphira zotsekera oyilo ndi kupopedwanso nayitirojeni. Ogulitsa amanena zimenezi ngati ubwino, akuti mukagula kamodzi mwagula mpaka kalekale, ndipo ndi ubwinodi kwa munthu wokhala pafupi ndi galaja yodziwa ntchitoyo. Koma taonani zimene opanga eni ake amalangiza. Kampani ya Fox imati galimoto yoyenda pa tala pokha ma shock ake akonzedwe pakatha mamailosi 50,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 80,000, pamene galimoto imene theka la maulendo ake ndi la m'misewu yoipa iyenera kuwakonzetsa pakatha mamailosi 10,000 okha, makilomita pafupifupi 16,000. Galimoto ya bungwe yoyendera midzi tsiku ndi tsiku imakwanitsa mtunda umenewu m'miyezi yowerengeka. Ndiye kuti munthu amene akuwafunadi ma shock amenewa chifukwa cha misewu yoipa ndi yemwenso ayenera kuwakonzetsa pafupipafupi kuposa wina aliyense.

Ntchito yokonzayo si ya pansi pamtengo. Amakaniko athu ndi aluso, ndipo ndawaona akudzutsa injini zimene kwina zikanatayidwa, koma shock yotere imafuna malo opanda fumbi, oyilo wakewake, mphira za muyezo wake weniweni ndi botolo la nayitirojeni lotha kupopa mphamvu ya ma psi pafupifupi 200, pamene tayala la galimoto zoterezi timalipopa ma psi 30 kapena 40 basi. Kupopamo mpweya wa pa kompuresa ya matayala n'kuiwononga, chifukwa mpweya umenewo umakhala ndi chinyontho. Kumene ndinkagwira ntchito, ma shock athu tinkachita kuwatumiza ku Johannesburg kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo nthawi yonse imene ali paulendo galimoto imakhala pa majeki, pokhapokha ngati mudasunga ma shock akale oti mubwezeretsepo. Shock ya kathanki yosakonzedwa, imene mpweya wake wathawa, imagwira ntchito moipa kuposa shock wamba yatsopano, ngakhale kunja ikuwalabe.

Palinso vuto la paipi ija. Kathanki kamayenera kumangidwa penapake pa chesisi, ndipo paipi yake imadutsa pamalo pamene miyala imathovokera, matope amamatirira ndiponso tayala limayandikira pokhota. Galimoto imodzi mwa zimene ndinkayang'anira idaikidwa ma shock amenewa ndi galaja ina imene idamangirira kathanki mosasamala, paipi n'kumakhudza chitsulo. Patapita miyezi ingapo paipiyo idakhulika n'kubooka galimoto ili kutali ndi tauni, oyilo yense adatayikira pansi nthawi imodzi, ndipo dalaivala adabwerera akukwawa ndi mbali imodzi yopanda shock. Shock wamba imafa pang'onopang'ono, imayamba kuchucha ndi kukuchenjezani. Iyi idafa kamodzin'kamodzi. Cholakwa chidali cha omanga, osati chipangizo, koma phunziro lake n'lakuti chilichonse chowonjezera pansi pa galimoto ndi malo enanso oti pangawonongeke, ndipo kathanki koikidwa pafupi ndi ekizozi kamatenthetsa oyilo m'malo momuziziritsa.

Ndichenjezenso za ma shock otsika mtengo modabwitsa amene ali ndi kathanki kopakidwa utoto wowala koma opanda dzina la kampani lodziwika, opanda pepala lachitsimikizo ndiponso opanda kumene mungagule mphira zake. Akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Chimene chimapangitsa shock kukhala yabwino ndi timbale ta m'pisitoni tija, kuti tidasankhidwa molingana ndi kulemera kwa galimoto yanu ndi masipuling'i ake, ndipo zimenezi simungazione ndi maso. Shock yopanda kathanki ya kampani yodalirika, monga Bilstein 5100, Old Man Emu Nitrocharger, Koni, KYB kapena Gabriel amene amapangidwa ku South Africa, ndi yabwino kuposa ya kathanki yosadziwika kwawo.

Munthu akandifunsa kumene angaike ndalama zake poyamba, ndimamuuza kuti ayambe wayeza katundu amene amanyamula. Mapikapu ambiri amtunduwu adapangidwa kuti azisenza pafupifupi tani imodzi, kuphatikizapo anthu okwera, omwe ndi matumba osapitirira 20 a makilogalamu 50, koma si zachilendo kuona pikapu itasanjikiza matumba 30 ndi anthu pamwamba. Chitsulo chotchinga kutsogolo, thanki yachiwiri ya mafuta ndi tenti ya padenga, zonsezi zimadya muyezo womwewo. Akadziwa kulemera kwenikweni, agule masipuling'i oyenera kulemerako, asinthe mabushi otha (timphira ta m'malo olumikizira zitsulo), aike matayala olimba m'mbali olembedwa LT, kenako ma shock abwino a utali wogwirizana ndi masipuling'iwo. Agulenso kompuresa yaing'ono ndi choyezera mpweya, chifukwa tayala ndilo limalandira bampu poyamba shock isanamve kanthu. Kuphwetsako matayala pang'ono polowa m'msewu wa timizere, kuchepetsa liwiro, ndi kuwapopanso pobwerera pa tala kumafewetsa ulendo ndi kuchepetsa ntchito ya ma shock m'njira imene ambiri sakhulupirira mpaka atayesa. Ndalama zogulira zonsezi pamodzi nthawi zambiri siziposa mtengo wa ma shock anayi a kathanki.

Sindikunena kuti palibe oyenera kuwagula. Ambulansi ya Land Cruiser imene imanyamula mayi wovutika pobereka kuchokera kuchipatala chaching'ono cha kumudzi kupita kuchipatala cha boma siingaime pamthunzi mphindi 20 kudikira kuti ma shock azizire, monga ndidachitira ine. M'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, oyilo wa m'shock amayamba ulendo ali wofunda kale. Galimoto zonyamula alendo okaona nyama ku Nyika ndi ku Vwaza, za oteteza nyama zakutchire, ndi za anthu oyenda maulendo aatali odutsa m'misewu yamiyala ya ku Namibia kapena kumpoto kwa Mozambique ndi katundu wodzaza, izi ndi galimoto zimene zimakumana ndi vuto lenileni la kutentha, ndipo kwa izo ndalamayo siipita pachabe. Koma ngakhale pamenepo, ndikupempha oyang'anira galimoto m'maofesi aboma ndi m'mabungwe kuti asavomereze kugula ma shock amenewa ngati m'bajeti mulibe ndalama zowakonzetsera chaka ndi chaka, dzina la galaja imene idzawakonze, ndi ma shock apadera osungira. Kugula popanda zitatuzi ndi kumene kumadzaza mabwalo a maofesi ndi galimoto zokhala pa majeki.

Pali chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa kuposa ndalama. Shock yabwino kwambiri imabisa liwiro. Galimoto ikamayenda mosalala pa timizere, dalaivala samva kuti akuthamanga, ndipo phazi limapondereza lokha. Koma msewu wafumbi wa kwathu kuno si chipululu chopanda anthu monga cha mpikisano. Muli ana opita kusukulu, amayi osenza nkhuni, akabaza, ngolo za ng'ombe ndi mbuzi zodumpha mwadzidzidzi, ndipo pafumbi galimoto imafuna mtunda wautali kuti iime kuposa pa tala, kaya ili ndi ma shock amtundu wanji. Ambiri amene amaika ma shock a kathanki amakwezanso galimoto m'mwamba, zimene zimaipangitsa kugubuduzika msanga ikakhota mwadzidzidzi, makamaka padenga pakakhala katundu. Mwini galimoto amene waika ma shock oterewa ayenera kukhala pansi ndi dalaivala wake n'kumuuza momveka kuti chipangizochi chabwera kudzateteza galimoto ndi okwera, ndipo nthawi yofikira kumene akupita siyasintha.

Kwa ogulitsa, pempho langa ndi lakuti muzimufunsa wogula kumene amayenda ndi zimene amanyamula musanamulandire ndalama, ndipo ngati mukubweretsa ma shock amenewa m'dziko muno, mubweretsenso mphira zake, oyilo wake ndi munthu wophunzitsidwa kuwakonza. Sukulu zathu zaluso lamanja, monga Lilongwe Technical College ndi Mzuzu Technical College, pamodzi ndi a TEVETA, zingathandize pophunzitsa achinyamata ntchito yomasula ndi kupopa ma shock oterewa, pakuti galimoto zina monga Ford Ranger Raptor zikubwera kale ndi ma shock a Fox kuchokera kufakitale, ndipo eni ake adzafuna kokonzetsa. Ntchito imeneyi ikamadzachitika ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre pa mtengo wa makwacha, ena mwa mawu anga m'kalata ino ndidzawabweza mokondwa.

Mphwanga uja tidapita naye kugalaja, tidapeza kuti masipuling'i akumbuyo adawongoka ndipo tsamba limodzi lidathyoka. Adagula masipuling'i atsopano olimbirako, mabushi ndi ma shock anayi opanda kathanki, ndipo tidagwirizana kuti chimanga azichinyamula maulendo awiri m'malo mwa umodzi. Ng'ombe ija ikadali m'khola.

Ndine wowerenga wanu,
Dalaivala wopuma pantchito,
Mzuzu